Amene Analembera Wietske Ndakatulo

Apongozi anga a Roelof anafika kwathu Lachiwiri masana osaimba foni. Kuno kwathu munthu akatulukira choncho umayamba wasuzumira kumsewu kuti mwina nyumba yake ikupsa, chifukwa ngakhale mwana wobala wekha umamufunsa kaye ngati ali ndi mpata sabata yamawa. Anatsamiritsa njinga yawo kumpanda, nakutumula chipewa chonyowa ndi mvula, n'kufunsa ngati Marrit, mkazi wanga, analipo. Nditawauza kuti ali kuntchito anati akudziwa, n'chifukwa chake abwera nthawi imeneyo.

Ndinawathirira khofi n'kuwaikira bisiketi pambali. Anakhala pampando wa kukhitchini jekete ili m'thupi, chinthu chomwe iwo eni ake amadzudzula alendo akachita. Unali mwezi wa Novembala, ndipo tinali titatola kale maina m'chipewa.

M'banja la Marrit mwambo wa mphatso wa kumayambiriro kwa Disembala si wamasewera. Aliyense amatola dzina la mnzake mwachinsinsi n'kumugulira kanthu kakang'ono, koma kanthuko palibe amene amakalabadira. Nkhani ili pa ndakatulo. Umamulembera munthuyo mizere yomuseka pa zonse zomwe wachita chaka chonse, ulesi wake, kuumira kwake, zibwenzi zake zothera panjira, ndipo iye amaimirira n'kuiwerenga yekha mokweza pamaso pa onse. Dzina lako sulemba, timanamizira kuti yachokera kwa nkhalamba ya ndevu zoyera ija yomwe ana amati imabweretsa mphatso. Mapepala onse timasindikiza ndi zilembo zofanana, ndipo kufunsa kuti walemba ndani ndi chipongwe. Komabe aliyense amadziwa, makamaka ikakhala ya a Roelof.

Mkuluyu anagwira ntchito yotsegula mlatho kuti maboti adutse mpaka kupuma, ndipo ntchito imeneyo ndi yongokhala pansi kudikira. Anzawo ananenepa nayo, iwo anaphunzirirapo kusula mizere. Ndakatulo yawo ikakugwera unkaseka mpaka nthiti kuwawa, kenaka pobwerera kwanu, uli pakati pa msewu ukupalasa njinga, m'pamene unkazindikira kuti akuuza zoona zomwe anthu onse amaopa kukuuza. Chaka choyamba nditalowa m'banjamo anandilembera kuti ndine wailesi yomwe anaiwala kuiikira pozimitsira. Mpaka lero dzina langa kumeneko si Tjeerd, ndi Wailesi.

Tsiku limenelo a Roelof anayamba n'kundiuza kuti atola dzina la Wietske, mng'ono wake wa Marrit. Ndinawaseka kuti aphwanya mwambo, koma iwo sanaseke. Ananena chomwe anabwerera pang'onopang'ono, maso ali m'kapu. Mawu anali atayamba kuwathawa. Chinthu ankachiona, ntchito yake ankaidziwa, koma dzina lake linkakana kubwera. Kwa dokotala anapita okha, ndipo anauzidwa kuti ndi matenda oyenda mwakachetechete, osabwerera m'mbuyo. Anali atakhalira pepala kuyambira tsiku lomwe tinatola maina, pepalalo lili loyera.

"Atsikanawa asadziwe," anatero. "Osati chaka chino. Akadziwa ayamba kundimalizira ziganizo, kundigwira dzanja podumpha msewu. Ndikufuna Disembala mmodzi yekha ndikhale bambo wawo, osati wodwala wawo."

Ndinawafunsa chifukwa chomwe asankhira ine.

"Iwe si magazi anga, ndiye sulira. Komanso uli ndi ujeni uja." Anagogoda patebulo ndi zala ngati munthu akutaipa. "Wolemba yekha uja."

Ine ntchito yanga ndi yokonza zithunzi ndi mawu otsatsira malonda a kampani ina yogulitsa zida za m'dimba. Kale tinkalemba anthu ojambula. Masiku ano ndimauza pulogalamu ya pa kompyuta zomwe ndikufuna, iyo n'kundilembera kapena kundijambulira khofi asanazizire. M'banjamo timangoitcha makina. Wietske ndiye amajambula zithunzi za m'mabuku a ana ndi manja, burashi ndi utoto wamadzi, ndipo chaka chimenecho kampani yomwe inkamupatsa ntchito kuyambira ali mtsikana inamuuza kuti zithunzi aziumba okha ndi makina. Chiyambire pamenepo ine ndi mlamu wangayo sitinkadya patebulo limodzi osakangana. Iye ankanditcha mbava yodina batani, ine ndinkamuyankha kuti nawonso okonza mawotchi a manja ankalira chimodzimodzi. Marrit ankatikhazika kumathero awiri a tebulo ngati ana a sukulu.

Choncho apongozi atanena zimenezi ndinawamvera chisoni, inde, koma pansi pa chisonicho panali kachisangalalo konyansa. Ndinamuoneratu Wietske akupukuta misozi ndi ndakatulo ya makina, akunena kuti bambo apambananso chaka chino, ine ndili phee pakona ndikudziwa zanga. Ndinathamanga kukatenga kompyuta asanasinthe maganizo.

Ndinawauza kuti angondifotokozera chaka cha Wietske, ine ndizitaipa. Anafotokoza modukizadukiza, pena ndi manja, pena ndi nkhope, koma zinthu zake zinali zonona. Anati mwana wawo atakwiya analengeza kuti wasiya zojambula ndipo aziyenda ndi makalata, koma tsiku loyamba kuyeserera njinga yonyamula katundu anakathera nayo mu ngalande. Anati amakhala ndi zovala zogonera mpaka dzuwa kufika pamutu, ukamufunsa amati ali pamaliro a luso. Anati chule aliyense woipa mtima yemwe wajambula m'mabuku ake ali ndi nkhope ya chibwenzi chake chomwe chinamusiya, mpaka kachipsera ka pachibwano. Pofotokoza za chuleyo anatupitsa masaya, ndipo ndinaseka mpaka khofi kundilowa m'mphuno.

Makina sanachedwe. Anatulutsa mizere yosalala, yothera mofanana iwiri iwiri monga mwambo umafunira. A Roelof anavala magalasi n'kuwerenga milomo ikugwedera.

"Yosalala bwino," anatero. "Koma ilibe mano. Chule uja ali kuti?"

Ndinawalamula makina kuti awonjezere ukali. Anaika kanthabwala kamodzi kofooka, ndipo mzere wotsatira unali ngati ukupepesa chifukwa cha kanthabwalako. Ndikanatha kutseka kompyutayo n'kukhala nawo mkuluyo masana onse, iwo akutulutsa zoseketsa, ine ndikuwasakira mawu omwe akuthawa. Zonse anali nazo m'mutu, chosowa chinali munthu wopirira. Koma ine ndinali ndi msonkhano wa kuntchito, komanso ndinkafuna kuti ndakatuloyo ikhale ya makina okhaokha, kuti tsiku lina ndikadzaulula Wietske asadzapeze pothawira. Ndiye ndinawauza kuti mwana wawo wavutika mokwanira chaka chino, mawu ofewa amuchitira bwino.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Munthu amene mawu akumuthera amayamba kukhulupirira amene ali nawo ambiri. Anapinda pepala lomwe ndinawasindikizira, naliika m'thumba la m'kati mwa jekete, n'kundithokoza kawiri.

Ine ndinali nditatola dzina la azakhali a Geesje, mlongo wawo wa a Roelof, ndipo ndinali ndi chinsinsi chawo chokoma. Nyengo yotentha anagula njinga yamagetsi, nabwera kudzationetsa, koma polowa pageti anadina pothamangitsira m'malo mwa mabuleki. Anaboola mpanda wathu wa mitengo n'kukagwera m'kadziwe ka nsomba ka aneba. Ndinaona ndine ndekha. Ananditseka pakamwa ndi keke ya maapulo, ine n'kulumbira. Nkhani imeneyi ndinawapatsa makina, iwo n'kundilembera kuti azakhali ndi mayi wolimba mtima wosaopa zatsopano. Ndinafufuta. Yangayo ndinalemba ndekha, ndikuluma cholembera madzulo angapo, ndipo sindinaime n'kamodzi komwe kudzifunsa chifukwa chomwe zomwe ndinazikana ine ndinaziona zowayenera apongozi.

Tinakumana Lamulungu masana kunyumba kwa a Roelof m'tauni ya Zutphen, anthu asanu. Panali supu ya nsawawa yolimba moti supuni inkaima yokha, koko wotentha, ndi tibisiketi tonunkhira tomwe azakhali amamwaza dala pansi ngati kuti m'nyumbamo mukadali ana. Mphatso zonse zinali m'thumba la chiguduli pakati pa chipinda, zokutidwa ndi pepala limodzimodzi. A Roelof anakhala pampando wawo wa pawindo atavala taye. Analankhula pang'ono, koma ana awo anaona ngati ndi kunyada kwa munthu amene akudziwa kuti wasunga chida.

Yoyamba kutuluka inali yanga, ndipo mzere woyamba wokha unandiuza kuti walemba ndi Marrit. Unkanena za mwamuna amene amati chonde ndi zikomo kwa makina koma kwa mkazi wake amangoti mchere uli kuti. Ndinawerenga, anthu anaseka, ndinathokoza nkhalamba ya ndevu yosaoneka ija monga timachitira, n'kukhala pansi.

Kenaka Marrit anapisa dzanja m'thumba n'kutulutsa ya Wietske. Mtima wanga unayamba kugunda, koma kunali kugunda kwa munthu amene akudikira kupambana. Wietske anaimirira, nakankhira tsitsi kumbuyo, n'kuyamba.

"Wietske, nyenyezi ya banja lathu yowala,
luso la manja ako ndi duwa losafota, losazilala.
Chaka chino chakhala ulendo wa maphunziro,
choncho yang'ana kutsogolo ndi chikhulupiriro."

Anaima pamenepo. Anatembenuza pepalalo kuti aone ngati ndakatulo yeniyeni ili kuseri.

"Ulendo wa maphunziro," anatero. "Munthu andilanda ntchito, wina akuti ulendo wa maphunziro. Izi sanalembe munthu. Ndimazidziwa ine, zimanunkhira ngati sopo wa m'hotela."

Anabwereza mizere ija ndi mawu a mayi wolengeza za masitima ochedwa, akuweramitsa mutu mwaulemu pathero pa mzere uliwonse. Wietske akafuna kuseketsa anthu amatengera bambo ake. Azakhali anaseka mpaka kutsokomola, Marrit anagwira pamimba. Poona kuti anthu ali mbali yake anawonjezera moto. Anati amene walemba zimenezo sanamuyang'ane n'kamodzi komwe chaka chonse. Anati bola pepala loyera, chifukwa pepala loyera silinamizira kuti limakukonda. Anati ulesi wofika polephera ngakhale kutukwana m'bale wako ndi matenda, ndipo munthu woteroyo m'mutu mwake mwauma, mawu anamuthera kalekale.

Ndinayang'ana kuwindo. Makutu a a Roelof anali atafiira, dzanja lawo litafinya bondo. Kachisangalalo kanga kaja kanali katathawa.

Wietske anandiloza ndi pepalalo. "Wailesi, mpaka pano? Kuntchito kwako sizikukukwana? Wabwera nazo m'nyumba ya munthu amene amadziwa kulemba?" Kenaka anatembenukira kuwindo. "Bambo, muuzeni ndinu. Chinthu ngati ichi mungamupatse munthu?"

A Roelof anatsegula pakamwa. Sindikudziwa chomwe akananena, kapena ngati chikanatuluka n'komwe. Ndinawadula.

"Ndi yanga," ndinatero. "Ndimafuna ndione ngati uzindikire."

Palibe amene anaululapo chotero m'nyumba imeneyo. Azakhali anapukusa mutu, nati ana a masiku ano sadziwa kusunga kanthu. Marrit anandiyang'ana ndi diso lija lotanthauza kuti tikambirana m'galimoto, ngakhale tinabwera pa njinga. Wietske anagwada mwachipongwe kundithokoza, naponya pepalalo patebulo n'kuikapo kapu yake ya koko. Mphatso yake, botolo la inki yomwe amaikonda, anangoisuzumira n'kunena kuti bola imeneyi sinasankhidwe ndi makina.

Kwa kanthawi ndinadzimva ngati ngwazi. Ndinali nditasenza manyazi a mkulu, ndipo ndinkayembekezera kuti andiyang'ana mothokoza. Iwo ankangoyang'ana mvula kunja. Ndiye maso anga anagwera pathumba lija, ndinaona mitolo yomwe yatsala, n'kukumbukira mpanda wa mitengo ndi dziwe la nsomba. Pamwambo umenewu munthu amalemba ndakatulo imodzi, ndipo yanga yeniyeni inali isanatuluke.

Yotsatira inali ya Marrit. Imeneyo inalembedwa ndi azakhali, zinali zosachita kufunsa, chifukwa mizere yawo sithera mofanana ndipo nthawi zonse amamaliza ndi malangizo a zakudya zopatsa thanzi. Ine sindinamve ngakhale liwu limodzi. Ndinkaganiza zogwetsera koko m'thumbamo, kapena kunamizira kuti mutu wandigwira. Ndinaimirira n'kunena kuti mwina tipume kaye timwe supu, koma azakhali anati ndikhale pansi, ndaononga zokwanira lero.

Wietske anapisa dzanja n'kutulutsa mtolo wa azakhali. Anatikita manja ake mokondwa. Malinga ndi kuwerengera kwake, wotsala kulemba anali mmodzi yekha.

"Tsopano timve eni ake a ntchitoyi," anatero, akuyang'ana bambo ake monyadira. "Wailesi, tchera khutu uphunzire."

Azakhali anaimirira, nakonza magalasi, n'kuwerenga.

"Geesje anagula njinga yamagetsi, nati ukalamba watha,
mpanda unamuona akubwera koma unalephera kuthawa.
Nsomba za kwa aneba mpaka lero zikufunsana
kuti chinsomba chovala magalasi chija chinagwa bwanji masana."

Anaponya pepala pansi akuseka, nkhope itafiira. "Tjeerd, wabodza iwe! Unadya keke yanga yonse, unalumbira kuti sudzauza munthu."

Marrit anayamba kuseka, koma kusekako kunathera panjira. Ndinamuona Wietske akuwerenga ndi maso. Anayang'ana Marrit amene analembera ine, azakhali amene analembera Marrit, ine amene ndinalembera azakhali. Mtolo wotsala m'thumba ankadziwa mwini wake kuti analemba ndi iye. Maso ake anayenda pang'onopang'ono mpaka kukafika pampando wa pawindo. Kenaka anachotsa kapu ija papepala, ndipo pansi pake panali patatsala chizindikiro chozungulira cha koko.

Ndinayamba kunena kuti ndinalemba ziwiri, kuti panali chisokonezo potola maina, kuti zimachitika. Marrit anandigwira mkono. "Khala chete kamodzi kokha, Tjeerd."

"Ndi yanga," anatero a Roelof. "Mnyamatayu amafuna kundi..." Anaima. Anatambasula manja ngati munthu akufunditsa mwana bulangeti. Tinadikira. "Kundiphimba. Koma ndi yanga. Ndinapita ndekha kukamupempha."

Anawauza zonse mwachidule, monga anandiuzira ine, koma ulendo uno pamaso pa ana awo ndi mlongo wawo, ali chikhalire ndi taye yawo. Za dokotala, za mawu, za pepala loyera. Marrit anatseka pakamwa ndi dzanja. Azakhali anakhala pansi mwadzidzidzi. Za ine sananene choipa chilichonse, anangoti ndinawathandiza mwaulemu, ndipo mawu amenewo anandiwotcha kuposa chitonzo chonse cha Wietske. Ndinkafuna pansi pang'ambike ndilowe.

Wietske anali atayera nkhope. Anayesa kunena kuti sankadziwa, kuti ankaganiza kuti ndi ine, kuti ndakatuloyo ikawerengedwa bwinobwino si yoipa kwenikweni.

"Usaname," anatero bambo ake. "Ndi yoipa. Ndinakuphunzitsa ndine kumva zoipa, ndiye wamva." Analoza pakati pa chipinda. "Thumba silinathe."

Palibe amene anasuntha, choncho anadzuka okha n'kukatulutsa mtolo wotsiriza. Wietske analumpha n'kugwira ngodya ya pepala lomwe linali pamwamba pake.

"Imeneyi ayi, bambo. Ndikukupemphani. Ndikulemberani ina."

"M'nyumba muno munthu amawerenga chomwe wapatsidwa," anatero. Sanakoke pepalalo, anangodikira mpaka mwana wawo analisiya. Anaimirira mowongoka, navala magalasi, n'kuika chala pansi pa mzere woyamba.

"Roelof wakalamba, zinthu zonse wazipatsa dzina limodzi, chija.
Mchere ndi chija, nyuzipepala ndi chija, mkamwini wake ndi ujeni uja.
Anakagula buledi nabwera ndi maluwa, nati wogulitsayo ndi wogontha.
Belu la pakhomo akuti foni ya chitseko, nzeru za mkuluyu zikudontha."

Choipitsitsa chinali chakuti ndakatuloyo inali yabwino. Wietske anali ataona zonse. Chaka chonse, ali m'mavuto akeake, anasunga kalikonse komwe bambo ake anaphonya, n'kukakonza bwino kuti akaseketse nako anthu, osadziwa kuti akulemba mbiri ya matenda. Anakhala pansi pafupi ndi thumba lopanda kanthu lija, nkhope ili m'mawondo.

A Roelof anawerenga pang'onopang'ono, akupuma pakati pa mawu. Atafika pa foni ya chitseko anaseka kudzera m'mphuno, kuseka kwenikweni, n'kugwedeza mutu ngati mmisiri amene waona ntchito ya mnzake. Anapitirira mizere ina, yonena za tsiku lomwe anaitana mlongo wawo ndi dzina la mphaka. Kenaka anakakamira. Chala chinaima pansi pa liwu lina, milomo inayesa, liwulo linakana kuchoka papepala. Tonse tinkalidziwa chifukwa cha mathero a mzere wapamwamba, linali pamilomo pa aliyense, koma palibe amene analimba mtima kulinena. Ndinamva mvula ikugunda pawindo ndi azakhali akupumira m'mwamba.

Anatsitsa pepalalo. Sanalipereke kwa Marrit kapena kwa Wietske. Analitambasulira kwa ine.

"Wailesi," anatero. "Unayamba kale kundilankhulira. Maliza."

Munalibe mkwiyo m'mawu awo, ndipo bola mukanakhala. Ndinaimirira n'kulandira pepalalo. Ndinadumpha liwu lija n'kuwerenga zomwe zinatsala.

"Koma Disembala akafika lilime lake limanoledwa ngati lumo,
ndipo pali wina muno akupemphera kuti dzina lake ndilo anatola m'chipewamo.
Chaka chonse anthu amulankhula mofewa ngati wagonekedwa m'chipatala.
Akufuna womuseka kwenikweni, ndipo bambo ake okha ndiwo atsala."

Panalibe china pansi pake. Ndinayang'anabe papepalalo ngati kuti mizere ina ituluka, chifukwa sindikanatha kuyang'ana munthu aliyense m'chipindamo. Ndinkadziwa zomwe mkuluyo anabwera nazo kukhitchini kwanga, zonse zomwe mwana wawo ankazilakalaka, ndipo ndinkadziwanso amene anazitaya.

Wietske anadzutsa mutu. Maso anali ofiira, koma anayesa kumwetulira.

"Chabwino, nenani pano," anatero. "Osalemba. Chilichonse, bambo. Nditukwaneni."

A Roelof anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga ankachitira kale akamasankha poluma. Ndinaona kuwala kuja kukubwerera m'maso mwawo. Anali ataipeza nthabwala, zinkachita kuoneka, kukamwa kwawo kunayamba kale kupindikira mbali imodzi. Anakweza chala n'kumuloza.

"Iwe, tsitsi lakolo," anatero. "Lili ngati... ngati..."

Dzanja linazungulira m'mwamba kufunafuna. Tinadikira pang'ono, koma kudikirako kunatiopsa. Wietske ndiye anayamba kuseka, mokweza kwambiri, akuwomba m'manja, ngati kuti wamva chinthu choseketsa kuposa zonse. Marrit anamutsatira, kenaka azakhali. Inenso ndinaseka, mwina mokweza kuposa onse.

A Roelof anatiyang'ana mmodzimmodzi, chala chikadali m'mwamba. Moyo wawo wonse akhala akuseketsa anthu, ndipo kuseka kwachifundo amakudziwa. Anatsitsa dzanja, navula magalasi, n'kukhala pansi pampando wawo.